Mbawala ya Mapapo Oola ndi Dzanja la Tadala

Amayi anzanga, nyimbo yondilandirayo ilekeni, khalani pansi. Lero sindinaime pano ngati uja mumaseka naye kukhitchini kwa tchalitchi potsuka mbale. Ena mwabwera ku Newcastle kuno chaka chomwe chino, mwangomva kuti kuli agogo ena ankagulitsa nyama kenaka anasiya. Ena nyamayo munadya. Ndine Nambewe, wa ku Kasungu, amake Limbani. Kusukulu sindinapondeko, ndiye zimene ndinene sizichokera papepala, zichokera pamene pakundiwawa.

Ndaima chifukwa ndamva kuti ena mwa inu mukusonkherana ndalama zogulira malo kunja kwa tauni, ndipo akuti mwapeza otchipa. Ndimvereni kaye. Mukagula, mugule mutamva.

Ine ndinakwatiwa ndi mlenje. Malemu abambo ake a Limbani anali ndi mfuti ya gogodera, ndipo akapha nyama ntchito yotsala inali yanga: kusenda, kutumbula, kudula, kuthira mchere, kuwamba pamoto. Pakhomo pathu panali lamulo limodzi lomwe silinkasweka: nyama sitayidwa. Mukapeza chotupa mumadula pamenepo n'kuponyera agalu, yotsalayo mchere ndi utsi. Ankati mlenje akataya nyama mfuti yake imamangika, sadzaphanso. Ngakhale mbuzi ikadwala tinkaipha msanga isanafe yokha, n'kugawana mudzi wonse. Ndinakula choncho, ndinakalamba choncho, ndipo ndinakwera nazo ndege.

Limbani anabwera kuno kudzaphunzira, anapeza ntchito ya makompyuta, anakwatira. Ananditenga kalekale, malamulo asanalimbe, kuti ndidzalere ana. Ndinalera. Ana anakula, ndikawalankhula amandiyankha m'Chingerezi maso ali pafoni. Ndinatsala munthu wongokhala pawindo kuonerera mvula. Limbani poona choncho anandipezera kadimba ka lendi kuseri kwa njanji ya sitima ya m'tauni ija timati metulo kuti ndizilima nkhwani ndi mpiru.

Tsiku lina pamsika ndinaona nyama yofiira bii, yopanda mafuta. Ndinafunsa, akuti ndi ya nyama zam'tchire za kuno. Azungu ali ndi dzina lawo, ine ndimangoti mbawala. Ndinagula mwendo umodzi, ndinapeza mgolo wakale kudimba kuja, ndinaboola pansi, ndinawamba. Nditabwera nayo kuno Lamulungu, amayi inu munatsala pang'ono kumenyana. Wina analira, akuti yamukumbutsa abambo ake.

Basi, zinayambira pamenepo. Mafoni ochokera ku Hull, ochokera ku Salford. Ukwati, chinkhoswe, chikumbutso, aliyense akufuna nyama yowamba ya agogo. Tinkatumiza pabasi m'zikwama za anthu. Chilolezo chogulitsira chakudya ndinalibe, ndipo sindinafunse n'komwe ngati chilipo. Dzina langa linasintha, ndinakhala Agogo a Nyama. Munthu amene ankangokhala pawindo tsopano akalowa m'tchalitchi anthu akumupatsa mpando wakutsogolo. Ndikuuzeni, kutamandidwa kumaledzeretsa kuposa kachasu. Kachasu umadzuka naye m'mawa mutu ukuwawa n'kudziwa kuti unalakwa. Ine ndinkadzuka ndikufuna kwina.

Amene ankandigulitsa nyamayo anali mzungu wokalamba, mlenje wa chilolezo. Dzina lake linkandipinda lilime, ndiye tinkangoti a Ndevu. Iwowa ndi amene ananena, pocheza chabe mnzanga wina akundimasulira, kuti kumpoto uku, panjira yopita ku Scotland, kuli kankhalango kakugulitsidwa pamodzi ndi ufulu wosakamo nyama, mtengo wake ngati theka la nkhalango zina za msinkhu womwewo. Ndipo sanabise chifukwa. Anati ng'ombe za m'mafamu oyandikana nako zapezeka ndi chifuwa chachikulu, ndipo mbawala za kumeneko akuzikayikira. Alenje amene ankalipira kuti azisakamo anachoka, ogula nyama akukana ya kudera limenelo, ndiye mtengo wa malo wagwa. Anati iwo sangagule ngakhale atawapatsa ngongole yopanda chiwongoladzanja.

Ine m'makutu mwanga munalowa mawu awiri okha: malo, theka.

Ndinapita kwa Limbani. Anafufuza pakompyuta yake, anaimba mafoni, n'kubwera kudzakhala pafupi nane.

"Amayi, malo kuno satchipa chifukwa mwini wake ali ndi maliro kapena fizi ya mwana. Akatchipa ndiye kuti anthu odziwa awaona n'kuthawa."

"Kwathu munthu akagulitsa munda motchipa sumufunsa chifukwa, ungamuchititse manyazi. Umapereka, n'kuthokoza."

"Kuno si ku Kasungu, amayi. Matendawa amagwiranso anthu."

"Iwe Limbani, ndinakulera ndi nyama ya mbuzi zodwala. Taona msinkhu wakowo, pakhomo sulowa osawerama."

Anaseka, koma ndalama anakana. Ndinamunena kuti sukulu yamusandutsa wamantha, ndipo ndinakhala masiku osamuyankha moni.

Ndiye ndinabwera kwa amayi a chipereganyu chathu. Mayi Zulu, anzathu a ku Chipata aja akhala kumbuyoko, anayesa kundibweza. Anati, "Imwe agogo, ise ndise a keya, tidziwa chani za nkhalango?" Ine ndinawayankha kuti, "Mukufuna mukalambe mukusambitsa nkhalamba za eni, mulibe ngakhale mtengo umodzi woti n'kuloza kuti uwu ndi wanga?" Mawu amenewo anabaya, ndinadziwa kuti abaya, n'chifukwa chake ndinawanena. Za matenda ndinatchula, inde, koma ndinatchula ndikuseka, ngati nkhani ya azungu oopa fumbi. Amayi angapo, ndi Mayi Zulu omwe, anaponya ndalama zawo za mashifiti ausiku, ine ndinaponya zonse za nyama, tinagula.

M'gulu limenelo munali Tadala. Amene simunamuone, anali mtsikana wa ku Dedza, wobwera pa viza ya keya, ankagwira kunyumba yosungira okalamba. Ana ake awiri anawasiya ndi amayi ake kumudzi, ndipo zonse zimene ankapeza zinkapita kumeneko. Anali ndi kagalimoto kakale, ndiye ndi amene ankandiyendetsa ndi kundimasulira Chingerezi. Mwana waulemu. Pondipatsa chinthu ankagwada, ngakhale pasiteshoni ya metulo azungu akuona.

Tsiku loyamba kuponda m'nkhalango muja ndinatapa dothi m'manja n'kulinunkhiza. Ndinavina, amayi, ndi mawondo angawa. A Ndevu anavomera kutiphera nyama, koma anati iliyonse aziyamba aiona m'kati iwo. Zoyamba zinali zabwinobwino. Ndinkabwera kunyumba n'kuika nyama patebulo pamaso pa Limbani osanena kanthu, kuti aone yekha.

Kenaka inafika nyengo imene masamba amagwa. Loweruka lotsatira kunali ukwati ku Hull, ndipo ndinali nditalonjeza nyama yambiri. A Ndevu anapha mbawala yaikulu, yooneka bwino kunja. Atatumbula anaima, anabwerera m'mbuyo. Ndinasuzumira. Mapapo ake anali ndi timibulu toyera ngati mphale, ndipo anabere a pakhosi anali otupa. Atadula mmodzi, munatuluka mafinya ouma, achikasu, onyenyeka. A Ndevu analankhula motalika, Tadala akumasulira, ndipo anamasulira zonse, sanachotsepo kanthu. Anati nyamayi isadyedwe, isakhudzidwe ndi manja opanda magolovesi, aimbira madokotala a ziweto a boma. Mapapo anawaika m'thumba n'kuwatenga, nyama yonse anaipachika m'kashedi kathu ka m'nkhalangomo, n'kupita.

Kiyi wa kashedi anali m'chikwama changa.

Tinayenda pang'ono pagalimoto. Ndinkangoona miyendo iwiri ija ili lende, ndi msana wonenepa uja. Ndinati, "Tadala, tembenuza."

"Agogo, a Ndevu aletsa."

"A Ndevu anakubala?"

"Iyayi agogo, koma akuti ndi matenda oopsa."

"Matenda ali m'mapapo, mapapo atenga. Ndayamba kutumbula nyama amako asanamere mano. Tembenuza."

Anatembenuza. Manja angawa nyamakazi inawapinda, kukazizira sagwira mpeni, ndiye amene anadula ndi Tadala, ine ndikuloza. Magolovesi tinalibe. Pochotsa mwendo wachiwiri mpeni unaterereka pafupa n'kumucheka dzanja lamanzere, m'munsi mwa chala cha mkombaphala. Magazi ake anasakanikirana ndi a nyama. Ndinang'amba kansalu pachitenje changa, ndinamuthira mchere pabalapo, ndinamanga. Ndinati, "Kabala aka? Pitiriza, dzuwa likupita."

Mawa lake ndinamuuza kuti aimbire a Ndevu, anene kuti tinachita mantha ndiye nyama yonse tinaiotcha. Mwana uja ananama ndi pakamwa pake, bodza langa. A Ndevu anapita kukaona, sanapeze phulusa. Sanatilalatire. Anangobweza kiyi wawo wa pageti n'kunena kuti sadzapondakonso. Patapita masabata uthenga unabwera kuti mapapo aja apezeka ndi chifuwa chachikulu cha ng'ombe. Ine ndinati, "Anthu anadya ku Hull, anavina mpaka kutopa. Wafa ndani?"

Bala la Tadala linapola. Miyezi inadutsa, tinaiwala. Kenaka pachipsera paja panatupa, panaphulika, pakutuluka madzi. Mwanabere m'khwapa. Mwana anayamba kuonda, yunifomu ikumukhwepa. Kuchipatala anamupatsa mapiritsi, osasintha. Anamupatsa ena, osasintha. Tsiku lina anabwera kudimba, anagwada pamzere wa mpiru.

"Agogo, adokotala andifunsa ngati ndinagwirapo nyama yam'tchire kapena ng'ombe."

"Wati chiyani?"

"Ndati ayi. Koma agogo, mwina ndinene."

Apa ndi pamene ndinafika pansi penipeni, ndipo ndinena monga ndinanenera. Ndinati, "Ukanena atimanga tonse. Viza yako aing'amba, malo atilanda, amayi onse aja ndalama zawo zipita. Ana ako ku Dedza adya chiyani?" Sindinkadziwa ngati zimenezo n'zoona. Ndinangotola chimene chingamutseke pakamwa. Chimene ndinkaopa ine si ndende ayi. Ndinkaopa mpando wakutsogolo uja, ndi nkhope ya Limbani.

Ndinayamba kumupaka adyo, ndinamupaka madzi a khonje, ndinasala naye kudya. Ndipo m'chipinda chino chomwe, pamalo pomwe ndaimapa, wina atanena kuti bala losapola chonchi mwina ndi lotumizidwa kuchokera kumudzi, ine ndinagwedeza mutu movomereza. Ndinatsogolera pemphero lomanga adani a ku Dedza. Ndinafuula kuposa aliyense. Tadala anasiya kuyankha foni ya azakhali ake akumudzi powaganizira ufiti, mayi amene sanamulakwire kanthu. Ine ndikudziwa mpeni, ndikudziwa tsiku, ndikudziwa kansalu kamene ndinamanga.

Dzanja linafika poti sangagwire chiwongolero. Kuntchito anamuuza kuti ayambe wapuma. Masana ena anandipempha kuti ndimuperekeze kuchipatala, tinakwera metulo. M'njira monse anali atanyamula dzanjalo pachifuwa ngati kamwana.

Tinalowa m'kachipinda. Dokotala anali mayi, wa msinkhu ngati wa mpongozi wanga. Anavala magolovesi, anayamba kumasula bandeji pang'onopang'ono, chifukwa inali itamatirira. Tadala anayang'ana kukhoma, milomo ataluma. Ine ndinali pampando pakona, chikwama pamiyendo. Masiku onse aja ndinkapaka mankhwala pamwamba, sindinkayang'anitsitsa. Tsiku limenelo nyale ya dokotala inali pomwepo, ndipo dokotala anafinya pang'ono m'mbali mwa bala.

Munatuluka mafinya ouma, achikasu, onyenyeka.

Amayi, ndinawadziwa. Anali omwe aja a pakhosi pa mbawala ija. Chinthu chimene a Ndevu anachithawa n'kubwerera m'mbuyo chinali m'dzanja la mwana wa eni, chikudya, ndipo chinali chitadya miyezi yonse imene ine ndinkapemphera mofuula. Ndinamva fungo la m'kashedi muja, la magazi ndi masamba onyowa.

Dokotala anaonetsa Tadala chithunzi cha mafupa, akuloza ndi cholembera. Chingerezi sindimva, koma nkhope ndimamva. Kenaka anakhala pansi, anayandikira, anafunsa funso mofatsa kwambiri. Ndinamvamo liwu lija azungu amatchulira mbawala. Tadala anatembenuka n'kundiyang'ana. Sanandiyang'ane mokwiya ayi, bola akanakwiya. Anandiyang'ana ngati mwana wofunsa ngati akuchita bwino. Kenaka anayang'ana pansi n'kupukusa mutu.

Ndinaimirira. Chikwama chinagwa, makiyi mbwee pansi, sindinatole.

"Tadala, akuti chiyani za fupalo?"

"Akuti matenda afika pafupa, agogo. Mwina achotsa chala."

"Masulira zimene ndinene."

"Agogo, musatero."

"Masulira. Usachotsepo liwu, usandikometsere."

M'chipindamo munalibe wina womva Chichewa. Ndiye mlandu wanga unadutsa pakamwa pa munthu yemwe ndinamulakwirayo. Ndinkanena, iye akutembenuza, misozi ikutsika. Ndinati nyama inali yodwala, mlenje analetsa, ine ndinalamula. Ndinati anadzicheka podula, ine ndinamanga ndi chitenje. Nditafika poti ndine ndinamuopseza kuti asanene, Tadala anaima, anati, "Izo ayi, agogo." Ndinati, "Izo makamaka." Ananena.

Dokotala sanakalipe. Anangofunsa kuti zinachitika liti. Atamva, anatseka maso kanthawi. Kenaka ananena mawu ochepa, ndipo Tadala sanafune kumasulira mpaka nditamukakamiza. Akuti akanadziwa pachiyambi, mwina mankhwala okha akanakwana.

Mawu amenewo ndimadya nawo, ndimagona nawo.

Tsopano mumve mmene munthu amabwerera, chifukwa kulira pakokha sikubweza kanthu.

Anandiyeza inenso tsiku lomwelo, magazi ndi chifuwa, ndipo sanandipeze ndi kanthu. Nkhalamba yolakwa yabwinobwino, mwana womvera akuola dzanja. Limbani anabwera kudzatitenga. Ndinamuuza zonse pakhonde la chipatala anthu akudutsa. Ndinkadikira kuti anene kuti ndinakuuzani. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kuti, "Amayi, valani jekete, kunja kukuzizira." Bola akanandimenya.

A zaumoyo anafuna kudziwa aliyense amene anagwira kapena kudya nyama ija. Limbani anati aimba yekha kuti andipeputsire. Ndinakana. Iye ankangodina manambala, wolankhula ndine. Ku Hull, ku Salford, kuno. "Ndine Nambewe. Nyama ya paukwati ija inali yodwala, ndinkadziwa. Pitani mukayezetse." Ena anadula foni. Mayi a mkwatibwi anandifunsa ngati ndili ndi zidzukulu, ndipo ngati zinadyako. Ndinayankha zoona, kuti kunyumba kwanga nyama imeneyo sinalowe. Apo ndi pamene ndinadzimva ndekha. Ngati ndinkakhulupiriradi kuti utsi umapha zonse, bwanji sindinapatseko ana a Limbani? Mwa chisomo, onse amene anadya anapezeka alibe matenda. Amayi a keya ena anakhala masiku osagwira ntchito podikira zotsatira, ndipo masiku amenewo palibe anawalipira. Mayi Zulu anandipeza pakhomo la tchalitchi n'kuti, "Agogo, mtengo wanga uja munanilonjeza, ni uti? Nifuna nikaukumbatire."

A boma anabwera kudimba, mgolo anatenga, anandilipiritsa chindapusa. Sanandimange, malo sanalande, ndipo palibe amene anang'amba viza ya munthu chifukwa chonena zoona kwa dokotala. Zonse zimene ndinaopseza nazo Tadala zinali utsi.

Lamulungu lotsatira ndinaima pano n'kubweza pemphero lija. Ndinati ku Dedza kulibe mfiti, mfiti yake ndi ino yavala duku loyera. Ndinaimbira azakhali a Tadala kupepesa, ngakhale iwo sankadziwa n'komwe chimene mwana wawo anawasiyira kuyankha. Ndinapitanso kwa a Ndevu ndi Limbani. Ndinagwada pakhomo pawo, iwo anasokonezeka, anayesa kundidzutsa, agalu awo akuuwa. Anafunsa chinthu chimodzi chokha, za dzanja la mtsikana uja.

Malo tinayesa kugulitsa. Apa mvetserani inu ofuna kugula. Aliyense wobwera kudzaona, asanayang'ane mitengo, asanafunse malire, funso loyamba linali la matenda: ng'ombe za pafupi zili bwanji, mbawala zinayezedwapo, zinapezeka ndi chiyani. Anthu a kuno amagula nkhalango ndi funso limenelo. Ndipo tsopano yankho linali loipa kuposa pamene tinkagula ife, chifukwa kale ankangokayikira, pano zinali zotsimikizika, ndipo mbawala yotsimikizira inafera pamalo athu. Amene anatchula mtengo anatchula wotsika kuposa theka lathu lija. Ena atamva ankangobwerera kugalimoto. Mpaka lero malowo tili nawo. A Ndevu anavomera kubwerera, amapha mbawala mouzidwa ndi madokotala a ziweto, ndipo yokayikitsa iliyonse imapita kukaotchedwa. Ndinapita kamodzi kukaona akuikweza m'galimoto, nyama yathunthu yopita kumoto. Mtima unandiwawa, sindinama. Koma manja ndinaika kumbuyo. Pali bambo wina amalipira kangachepe kuti azidulamo nkhuni, ndipo amayi a gulu anagwirizana kuti kameneko kazipita kwa Tadala.

Ndiye inu, mukamva kuti malo ndi otchipa, funsani chifukwa, ndipo funsani mokweza. Kuno wogulitsa sachita manyazi ndi funso. Funsani alimi oyandikana nawo, funsani alenje amene anachokapo kuti anachokeranji. Munthu wa ntchito yake akakuuzani kuti iye sangagule, musaganize kuti ndi wamantha. Mwana wanu akakuletsani, mumvereni ngakhale munamusintha matewera. Ndipo inu atsikana, dokotala akakufunsani, yankhani zoona, ngakhale wamkulu atakhala pakona akukuyang'anani. Ulemu wathuwu ndi wabwino, koma ine ndinautenga n'kuusandutsa chingwe. Inu akuluakulu anzanga, mwana akakugwadirani samalani chimene mukumutuma, chifukwa sakana.

Tadala anamuchotsa chala cha mkombaphala. Ziwiri zoyandikana nacho zinauma, sizipinda. Mankhwala anamwa miyezi yambiri, omwe ankamuchititsa nseru ndi kufiiritsa mkodzo. Ndinapempha Limbani ndi mkazi wake, tinamutenga, anagona pabedi langa, ine pamatiresi pansi. Ndinkamusambitsa, kumuphikira phala, kumumanga mabatani. Ankati, "Agogo, musavutike." Ndinkati, "Khala chete, tsegula pakamwa." Matenda anatha. Koma ntchito ya keya mukuidziwa, ndi yonyamula anthu, kutembenuza, kugwira munthu asagwe m'bafa. Kuntchito anamudikira mmene akanathera, kenaka zinakanika. Anafunafuna kwina komwe angamulembe pa viza yake, nthawi inatha. Anabwerera ku Dedza. Anabwera kuno ndi manja awiri kudzagwirira ana ake, anabwerera ndi limodzi ndi theka.

Ndinkaganiza kuti ndamaliza kuulula kulikonse. Mwezi wathawu Tadala anaimba foni ya kanema, tinacheza, anandionetsa ana, anandionetsa kagolosale kamene watsegula pamsewu. Kenaka anati amayi ake akufuna andipatse moni. Anabwera mayi wa msinkhu wanga, atavala duku, anakhala pamkeka bwinobwino n'kuyamba kuwomba m'manja.

"Amayi, ndimafuna ndikuthokozeni ndi pakamwa panga. Mwana wanga anadwala kudziko la eni, inu munamutenga ngati wanu. Akuti munamusiyira bedi. Mulungu akudalitseni."

Ndinayang'ana Tadala kumbuyo kwawo. Ankandipukusira mutu, kundipempha ndi maso. Sanawauze. Mpaka kumudzi kwawo anali akundibisabe.

Ndinati, "Mayi, manjawo lekani kuwomba. Tadala, usachoke, khala pomwepo." Ndinawauza zonse, kuyambira pa kiyi wa kashedi mpaka pa pemphero lija. Sanandidule mawu. Nditamaliza ndinkangomva nkhuku za ku Dedza ndi mwana akulira patali. Ndinaganiza kuti kanema waima.

Kenaka anatenga dzanja la mwana wawo, lija lopanda chala, analiika pamiyendo pawo, analiphimba ndi lawo. Anayang'ana m'foni n'kundifunsa mofatsa, ngati tili pamsika:

"Nanga nyamayo, amayi, inakoma?"

Funso limenelo likundilirabe m'makutu mpaka lero. Amene mukufuna kugula malo otchipa aja, ndikhala pakhomo tikamatuluka. Mundipeze.